Mutu 4: Nthochi ya Mbewa Zonenepa

1. Kanyumba ka ku Luwinga

Walusungu Zgambo atamaliza kulemba mayeso a Fomu 4, anzake ambiri a ku Katawa anangokhala pakhomo kudikira zotsatira, ena n'kumakanda mafoni mpaka maso kufiira. Iye anachita mwayi. Esme, mtsikana wamkulu amene ankaimba naye kwaya kutchalitchi, anakamupemphera malo pa kanyumba kena ka kafukufuku ku Luwinga. Kumeneko n'kumene Esmeyo ankamalizira maphunziro ake a digiri yachiwiri.

Ntchito yake sinali yoti munthu n'kukadzitama nayo pagulu. Ankatsuka timakola ta mbewa, kusintha utuchi ndi kuthira madzi m'timabotolo. Koma mbewa zake, abale inu! Musaganize zija zokumba m'munda n'kuzipana pakamtengo. Izi zinabwera pa ndege, zinkagona m'chipinda chofunda pamene anthu a Mzuzu akunjenjemera ndi chisanu, ndipo munthu sankalowa kwa izo osasamba m'manja.

Zinali m'magulu awiri. Zina zinali zowonda, zothamanga, zosakhazikika. Zina zinali zonenepa ngati mbatata, zaulesi, ndipo shuga wa m'magazi mwake anali wokwera. Chodabwitsa n'chakuti zonsezo zinkadya chakudya chimodzimodzi.

Tsiku loyamba, mkulu wa pamalopo, a Dokotala Winifred Chirambo, anamukhazika pansi. Anali mayi wamfupi wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono.

"M'thupi la mbewa, ngakhalenso m'thupi lako, muli tinthu tosaoneka ndi maso timene timatengera kwa makolo," anatero. "Timatitcha majini. Majini ali ngati mababu a m'nyumba yaikulu. Onse alipo, koma sayaka onse nthawi imodzi. Esme akufuna kudziwa kuti m'chiwindi cha mbewa yonenepa mukuyaka babu liti limene m'chiwindi cha yowonda ndi lozima. Tikalipeza, mwina tsiku lina ena adzapeza pozimitsira, anthu a shuga n'kupumako."

Kenaka anavula magalasi awo n'kumuyang'ana m'maso.

"Tsono tamvera, mwana wanga. Muno muli lamulo limodzi lalikulu. M'khola la mbewa simulowa kanthu kamene sitinagwirizane, kaya ndi kanyenyeswa ka buledi, kaya ndi tsamba. Udzaona zinthu zimene zidzakumvetsa chisoni, ndipo mtima udzakuuza kuti uthandize. Usadzathandize wekha. Udzafunse. Safunsa anadya phula. Ndipo ukadzalakwitsa, udzanene tsiku lomwelo. Ine sindikalipira munthu wolakwa, pajatu mbale imasweka m'manja mwa wotsuka. Amene ndimamuopa ndi wobisa. Cholakwa chonenedwa timachikonza pomwepo, koma chobisidwa timachisenza tonse osadziwa, n'kukachitula kwa anthu odwala."

"Yewo chomene, ndamva," anayankha Walusungu, kuthokoza m'chilankhulo cha kwawo.

Kumva anamvadi. Koma maso ake anali pa makina owala amene anali kuseri kwa a Dokotala, ndipo mumtima anali atayamba kale kudziona atavala jasi loyera.

2. Tsiku la njala

Panafika tsiku limene Esme anakhala akulidikira chaka chonse. Mbewa zonse zinayenera kugonekedwa tulo tosadzukanso, kuti atenge tizidutswa ta chiwindi n'kutitumiza kunja, kumene kuli makina owerenga majini oyaka ndi ozima. M'mawa Esme anachotsa chakudya m'makola onse n'kusiyamo madzi okha.

"Zikhala ndi njala mpaka masana," anatero. "Zonse, zonenepa ndi zowonda zomwe. Ine ndithamangire m'tauni kukatenga madzi oundana osungira tiziwinditi, galimoto yowabweretsa yachedwa. Iwe ungokhala pano kuziyang'ana."

Walusungu anatsala yekha, kamvula kakuwaza padenga.

Tsono pali chinthu chimene muyenera kudziwa za mtsikana ameneyu. Mayi ake, a NyaLuhanga, anali odwala shuga. Tsiku lina anamwa mankhwala osadya kanthu, n'kukagwa pabenchi pawo pogulitsira tomato, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera. Amene anawapulumutsa ndi Walusungu yemweyu, powathira shuga m'kamwa. Chiyambire tsikulo, kwawo kunali lamulo lakuti munthu wa shuga sakhala ndi njala. Walusungu sankayenda opanda kachakudya m'chikwama.

Dzuwa litakwera, anayendera makola aja. Zowonda zinkangodumpha ngati palibe chachitika. Koma m'khola la zonenepa, imodzi inali itadzipinda pakona, maso atatsinzina, ubweya ukunjenjemera.

Walusungu anakumbukira tsiku lija. Anaona mayi ake pabenchi paja.

Foni anali nayo, ndipo nambala ya Esme anali nayo. Akanangoimba, bwenzi atauzidwa kuti mbewa imagona choncho masana. Koma ayi, dzanja linathamanga kuposa mutu. Anatulutsa nthochi yakupsa bwino m'chikwama, n'kubenthula kachidutswa kochepa ngati chikhadabo.

Mbewa ija inanunkhiza, n'kudzambatuka, n'kuyamba kudya. Zinzake zinabwera zikukankhana. Kodi ungapatse mwana mmodzi enawo akuyang'ana? Walusungu anabenthulira iyi, n'kubenthulira iyo, khola ili ndi linalo, mpaka zonenepa zonse zinalawa. Zowonda sanazipatse. Izo sizinkadwala shuga, ndiye njala ikanazitani?

Nthochi itatha m'pamene mawu a Dokotala anabwerera m'khutu mwake. Anasanthula utuchi kuti aone ngati mwatsala kanthu, n'kubisa khoko pansi pa chikwama.

Esme anafika atanyowa, atanyamula bokosi lozizira.

"Zonse zili bwino, Walu?"

"Zili bwino, asisi."

Pamene mbewa zinkagonekedwa, Walusungu anatuluka panja. Anadzitonthoza kuti kanthochi kakang'onong'ono sikangawononge kanthu, ndipo kuti bolako zapita zitakhuta.

3. Mzere wofiira

Panapita masabata angapo. Tsiku lina Walusungu akutsuka mabotolo anamva kukuwa mu ofesi, mpaka anaganiza kuti mwalowa njoka. Atathamangira, anapeza Esme akudumpha patsogolo pa kompyuta, manja ali m'mwamba.

"Zabwera! Walu, bwera udzaone!"

Pagalasi panali timabokosi tambirimbiri, tina tofiira, tina tobiriwira. Esme anafotokoza kuti kofiira ndi jini loyaka kwambiri, kobiriwira ndi lozima. M'mizere yambiri mitundu inali yosakanikirana. Koma panali mzere umodzi umene ngakhale mwana akanauona: mbali ya mbewa zonenepa unali wofiira psuu, mbali ya zowonda wobiriwira wokhawokha.

"Ndi limeneli," anatero Esme. "Chaka chonse ndakhala ndikufuna limeneli."

A Dokotala anabwera n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali, osaseka.

"Tisafulumire kuimba nthungululu," anatero pomaliza. "Jini ili ndikulidziwa. Ndi la gulu lija limene limayaka mbewa ikangodya, makamaka ikadya zotsekemera. Mbewa ikakhala ndi njala, limazima. Tsono ngati likuyaka chonchi m'mbewa zanjala, ndiye kuti m'zonenepazi pozimitsira pake panawonongeka, ndipo imeneyo ndi nkhani yaikulu. Koma ngati zinalawako kanthu tsiku limenelo, apa palibe chimene tapeza. Tangoona mbewa zokhuta. Esme, chakudya unachotsa m'makola onse?"

"Ndinachotsa ndi manja angawa. Ndipo pamene ndinapita m'tauni, Walu anali pomwepo."

A Dokotala anatembenuka.

"Walusungu, n'zoona? Sizinadye kanthu?"

Walusungu anayang'ana a Dokotala, n'kuyang'ana Esme amene nkhope yake inali ikuwala ngati ya mkwatibwi. Khomo lonenera zoona linali lotsegula apa, ndipo panangofunika mawu ochepa chabe.

"N'zoona. Sizinadye kanthu."

Kalanga ine! Tsiku la nthochi analakwa chifukwa cha chisoni. Koma lero analakwa akudziwa.

A Dokotala anamwetulira koyamba. Anati Esme akonzekere, chifukwa akuluakulu oyesa maphunziro ake abwera sabata yotsatira, ndipo akadzavomereza, zotsatirazi zidzatumizidwa kwa akatswiri a m'maiko ena kuti nawonso alilondole jinilo.

Poweruka Esme anakokera Walusungu pachiwaya cha pamsewu n'kumugulira tchipisi cha nyama.

"Idya, mwana wa amama," anatero akuseka. "Iwe ndiwe mlonda wanga wokhulupirika. Dzina lako ndilemba patsamba lothokoza, anthu a kunja adzaliwerenge."

Walusungu anatafuna, anatafuna, koma tchipisi chinakana kutsika. Ananamizira kuti mwachuluka tsabola. Mu minibasi yobwerera ku Katawa anangoyang'ana pawindo ngati wochokera kumaliro, mpaka kondakitala anachita kumugwedeza kuti atsike.

4. Phala la amama

Masiku otsatira anali owawa. Esme akamusekerera, Walusungu ankayang'ana pansi. Kukwaya mawu ake sankatuluka. Chakudya ankangochitokosa, mpaka mayi ake anamufunsa ngati wayamba malungo.

M'mawa wina anadzuka molawirira n'kuphika phala la mgaiwa, n'kupita nalo kuchipinda kwa mayi ake. Anawapeza atavala kale, akumanga duku.

"Mwawuka uli, amama? Imwani phala musananyamuke."

"Tawuka makora. Phalalo vundikira, ndidzamwa pobwera. Wayiwala kuti lero ndi tsiku langa loyezetsa shuga kuchipatala? Amafuna tipite osadya."

"Koma amama, kuchipatala n'kutali, ndipo mzere umatalika. Mukakagwa panjira? Imwaniko pang'ono chabe. Anesi adziwa bwanji?"

A NyaLuhanga anasiya duku lija n'kukhala pabedi.

"Khala pansi, mwana wane. Mankhwala sindinamwe, ndipo maswiti ali m'chikwamamu, ndikamva chizungulire ndikauza anesi. Koma mawu wanenawo usadzawanenenso. Ukuti anesi adziwa bwanji? Sadziwadi. Pamzere paja timakhala ndi amayi ena amene amamwa tiyi ndi mandasi kunyumba, n'kukanena kuti sanalawe kanthu. Anesi amawakhulupirira, n'kuona shuga ali m'mwamba, n'kuwaonjezera mankhwala. Kenaka mayi yemwe uja timamva kuti wakomoka kumunda. Wanamiza ndani pamenepo? Makina aja alibe maso. Amangowerenga magazi amene wawapatsa, ndipo amene amawauza zoona ndiwe. Bodza lonamiza munthu wamaso n'labwinoko, chifukwa tsiku lina amakugwira. Koma bodza lonamiza woyeza limalowa m'mankhwala, ndipo amene amalimwa ndi wodwala. Chifundo chako ndimachidziwa, ndicho chinandidzutsa pabenchi paja. Koma chifundo chopanda kufunsa chinapha nkhwali."

Mbale ya phala inkamuotcha Walusungu m'manja.

Mayi ake anaimirira n'kutenga chikwama. Atafika pakhomo anacheuka, nkhope itasintha, akumwetulira.

"Ndipo ukudziwa? Amayi a pamzere paja ndinawauza kuti mwana wanga ali ndi anthu amene apeza chimene chimayambitsa matendawa. Sanakhulupirire! Mayi wina wa ku Geisha, konkuno ku Mzuzu, amene anadulidwa chala chaphazi, anati ndikupatse moni. Anati muzifulumira kumeneko."

Chitseko chitatsekeka, Walusungu anaika mbale pansi n'kulira. Analira ndi manyazi, analiranso ndi mantha. Atatha kulira anasamba kumaso n'kuvala juzi.

5. Kuchipinda kwa Esme

Esme ankachita lendi kachipinda kamodzi ku Luwinga, kuseri kwa kagolosale. Walusungu anamupeza akusita suti yakuda imene anabwereka kwa mnzake, chifukwa oyesa aja anali kubwera mawa lake. Pakhoma panali chithunzi cha mwana wake wamng'ono amene anamusiya kwa agogo ake ku Rumphi kuti iye amalize sukulu.

"Walu! Lowa. Taona, ikundikhala? Mawa ndikangotuluka m'chipinda cha oyesa aja, ndikukwera basi kukatenga mwana wanga. Akuti wayamba kuitana agogo ake kuti amama, ine n'kumanditcha anti."

Walusungu anakhala pamphepete pa bedi. Akanachedwa pang'ono, mtima ukanabwerera m'mbuyo, ndiye anangoyamba osapereka ndi moni womwe.

"Asisi, mbewa zija zinadya."

"Mbewa ziti?"

"Zonenepa. Tsiku lija munapita m'tauni. Imodzi inkanjenjemera ngati mmene amachitira amama, ndiye ndinaipatsa nthochi. Kenaka ndinapatsa zonenepa zonse. Zowonda sindinazipatse. A Dokotala atandifunsa ndinanama. Ndikhululukireni, asisi, ndalakwa chomene."

Esme anaimika simbi pang'onopang'ono. Sanakuwe, sanatukwane. Bola akanatukwana! Anangotsetsereka n'kukhala pansi pasimenti, msana utatsamira khoma.

"Zonse?" anafunsa motsitsa.

"Zonse."

"Ndiye kuti mzere wofiira uja ndi nthochi yako."

Walusungu anagwedeza mutu movomereza, misozi ikugwera pajuzi.

Panja ana ankasewera fulaye, ndipo wailesi ya m'golosale inkaimba ngati dziko lili bwinobwino.

"Ukudziwa chimene wachita?" anatero Esme, maso ali pa chithunzi chija. "Mbewa zija zinatha. Kuti zina zibwere, zikule, zinenepe, ndi chaka china. Nthawi imene anandipatsa kusukulu yatha, ndipo anandionjezerapo kale kamodzi. Ndinakupemphera malo ndine. A Dokotala sankafuna mwana wa sekondale muja, ine n'kuwauza kuti uyu ndikumudziwa, ndi mwana womvera."

"Ndipita ndekha kwa a Dokotala. Ndikanena kuti inu simunadziwe kanthu. Andichotse, palibe kanthu."

"Akakuchotsa, mbewa zanga zidzuka?"

Akuluakulu sananame kuti nkhuyu zodya mwana zimapota akulu.

Esme anapukuta maso ndi chikhatho. Anadzuka, n'kukasuzumira panja, n'kutseka chitseko. Atabwerera, mawu ake anali achilendo, ozizira.

"Wauzapo ndani nkhani imeneyi?"

"Palibe. Ngakhale amama sakudziwa."

"Ndiye ithere muno."

Walusungu anadzutsa mutu. Anaganiza kuti sanamve bwino.

"Asisi?"

"Wandimva. Unakhala chete masiku onsewa, ukhalenso chete mawa. Ndikangopambana, ndikatenge mwana wanga, zinazo tidzaziona m'tsogolo. Mwinanso jinilo likanayaka ngakhale popanda nthochi yakoyo. Akudziwa ndani?"

"Koma a Dokotala anati zotsatira zipita kunja. Anthu azikalondola chinthu chimene kulibe. Amama akauza kale anzawo kuchipatala, ndipo pali mayi wina..."

"Walusungu!" Esme anamugwira mapewa onse awiri. "Wandiphera chaka chimodzi ndi chifundo chako. Usandipherenso china ndi chilungamo chako. Ndakupempha ngati mkulu wako. Sungatseke pakamwa pako chifukwa cha ine tsiku limodzi lokha?"

Walusungu anabwera kuno akuganiza kuti akaulula, katundu atsika pamutu pake. Ha! Katunduyo anangolemera kuwirikiza. Poyamba bodza linali lake yekha, koma tsopano linali litakola munthu amene iye ankamulemekeza kuposa onse, ndipo amene analitchera anali iye mwini.

Asanayankhe, foni ya Esme inalira pabedi. Pagalasi panaoneka dzina la a Dokotala Chirambo. Esme anapumira m'mwamba, n'kuyankha ndi mawu okoma ngati palibe chachitika. M'kachipinda kakang'ono kaja mawu a mbali inayo ankamveka bwinobwino.

"Esme, ndangolankhula ndi mmodzi wa oyesa aja. Waona mzere wofiira uja, ndipo funso lake ndi lomwe lija ndinafunsa ine. Akufuna kumva kwa munthu amene anali ndi mbewa tsiku limenelo. Mawa ubwere ndi Walusungu. Ndamuuza kuti mwana ameneyo sanama, ndipo akayankha yekha pamaso pa onse."

"Chabwino, a Dokotala. Tibwera."

Esme anaika foni pansi. Anatsegula sutikesi yake, n'kutulutsa bulauzi yoyera yopindidwa bwino, n'kuiika pamiyendo pa Walusungu.

"Mawa uvale iyi," anatero. "Ndiye tandiuza, ukawayankha kuti chiyani?"